Loweruka ku Kuisebmond

Bambo anga, a Nghifikwa,
atakweza makontena zaka makumi awiri padoko la Walvis Bay,
anagula galimoto yofiira psuu ngati tsabola wakupsa.
Loweruka lililonse, dzuwa lili paliwombo,
ankatulutsa ndowa imodzi, sopo wa mbale wa amayi,
ndi malaya akale a kuntchito amene anasanduka nsanza.
Ankaipukuta mozungulizazunguliza
ngati akusisita mwana wodwala m'mimba,
kenako n'kuima chapatali, manja m'chiuno,
kudziyang'ana nkhope pachitseko.

Chaka chachinayi nkhope ija inayamba kuzimirira.
Boneti inachita mbuu.
Denga linatuwa ngati milomo ya wodwala malungo,
m'mbali mwake n'kuyamba kufundula.
Ndikakhudza ndi chala, kufiira kunkatsalira pachala changa.
"Ndalakwa chiyani ine?" anatero bambo,
akuyang'ana ya a neba, yosambitsidwa kamodzi pamwezi,
ikunyezimira m'galaja mopanda manyazi.

Tinapita ku Narraville kwa mayi Uiras, opopera penti,
a zikhadabo za mitundu isanu ndi iwiri.
Sanafulumire kuyankha.
Anatsegula buti, natola nsanza ya bambo,
naikutumulira papepala loyera.
Mchenga waa!

"Mwakhala mukuipala ndi chipululu," anatero.
"Usiku nkhungu imachoka kunyanja itasenza mchere,
imagona padengapa mpaka kucha.
Masana dzuwa limauphika mcherewo.
Juni akafika, mphepo ya kum'mawa
imanyamula milu ya mchenga kudzanola tauni yonse.
Mbalame za padoko zikakhuta nsomba zimasiya chitosi,
chitosicho chikagonera kawiri chimadya ngati asidi wa batire.
Ndiye mumabwera inu ndi sopo wa mbale.
Iye ntchito yake n'kuchotsa mafuta basi,
sasiyanitsa a m'poto ndi phula lotchinjiriza utoto.
Mumaivula malaya, bambo, n'kuisiya padzuwa."

Bambo anavula chipewa.
Anachivalanso.

"Muziyamba ndi madzi okha,
atsetsereke ndi mchenga wawo dzanja lisanafike.
Ndowa zikhale ziwiri, ya thovu ndi yotsukuluzira nsalu.
Nsalu ikagwa pansi, yagwa.
Sambitsani m'mamawa, chitsulo chisanatenthe,
kuyambira kudenga kutsika,
ndipo muiumitse nokha, madontho asaumirepo.
Phula muzipaka miyezi itatu ikatha;
mukaona madzi asiya kupanga timikanda, mwachedwa kale.
Chitosi musachidikirire Loweruka.
Komanso mwana ameneyu m'mangireni mthunzi."

"Ndikatero sidzasulukanso?"

Mayi Uiras anaseka,
natembenuza manja awo kuti tione kuseri kwake,
khungu lothethekatetheka, la mawangamawanga.
"Idzasuluka. Koma mochedwerapo."

Pobwerera bambo sanayatse wailesi.
Ine ndinkayang'ana zala zawo pachiwongolero
ndikukumbuka momwe zinkandikhulira kumsana
m'bafa la lata, sukulu isanatsegulidwe,
ine ndikulira, iwo akuti uwale, mwana wanga, uwale.
Sindinanene.

Ndalama zinakwanira boneti ndi denga lokha.
Mpaka lero galimoto yathu ili ndi kufiira kuwiri,
kwa mayi Uiras pamwamba, kwa bambo m'zitseko,
ndipo ana a mumsewu mwathu amaitcha Chigamba.
Imagona pansi pa ukonde wakale wa asodzi
woupinda kanayi pa mapaipi anayi.

Loweruka ndimadzutsidwa ndi kulira kwa ndowa ziwiri
kunja kudakali nkhungu.
Ndimasuzumira pawindo.
Bambo aima ndi paipi, akuthira madzi,
dzanja lamanja analibisa m'thumba
ngati galu amene waphunzira kudikira.
Nsanza ija sanaitaye.
Imapukuta matayala.