Mchenga Umene Sindinagulitse

Zelipa anaiona pa kalendala ya kuhadiweya,
pamwamba pa mwezi wa Okutobala:
madzi obiriwira, mchenga woti mbee, munthu palibe.
"Atate, kumeneku n'kuti?"
Ndinati n'kutali, basi zathu sizifikako.
Anati, "Ngakhale ya ku Kafue?"

Ine ntchito yanga ndi fosholo.
Chaka chachisanu ndi chinayi chino ndikukweza mchenga m'malole,
ndipo mipanda yambiri ya ku Chalala
inadutsa pamapewa angawa.
Mitsinje yozungulira Lusaka ndimaidziwa
monga wapabutchala adziwira ng'ombe,
apa pali mnofu, apa patsala fupa lokha.
Koma palipo pena pokhota kamtsinje
pamene lole inakana kutsika,
ine n'kusunga pakamwa.

Lamlungu, titaweruka kutchalitchi,
tinakwera minibasi pa Bauleni,
anthu asanu pamipando iwiri,
n'kutsika pamene tala wathera.
Alinase anabereka Msatero kumbuyo,
m'manja botolo la munkoyo ndi mbatata zadzulo.
Malizani patsogolo, patapata wake womanga ndi waya
akuwomba m'manja yekha, pha, pha, pha.

Njira yake ndi yosavuta.
Palibe phiri, palibe mlatho woti mwana aope.
Umangotsata mthunzi wa mombo ndi mtondo,
nyenje zikuboola makutu,
masuku ali gwa m'mitengo, sanafike pogwa.
Tinadutsa zitsa zakuda za owotcha makala,
tinapumula pachulu kawiri,
kachitatu chifukwa waya uja anaduka.
Malizani anatola khungu limene njoka inafundula
nalipinda bwinobwino m'thumba la malaya atchalitchi.
Amake sanaone. Ine ndinaona, ndinayang'ana kumwamba.

"Tafika?"
"Pang'ono."
"Tafika?"
Kenaka mphepo inasintha fungo,
nkhalango inatseguka ngati chitseko cha nyumba ya eni,
ndipo uwo,
mchenga,
kukula kwake ngati chipinda chathu ndi khonde lomwe,
madzi olekeza m'mawondo,
nantchengwa mmodzi ataima tsidya ngati mlonda wosalipidwa.

Zelipa anaima. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi.
Mlomo unayamba kunjenjemera.
"Nanga mafunde ali kuti?"

Ndinapinda buluku langa la Lamlungu,
ndinalowa, n'kugwada pakati pa madzi,
ndinayamba kuwakankha ndi manja onse awiri
monga ndikankhira mchenga kuchitseko cha lole.
Funde loyamba linafera panjira.
Lachiwiri linanyambita zala za kumapazi kwake.
Anakuwa mpaka nantchengwa anasiya ntchito.
"Lina! Lalikulu!"
Ndinakhala nyanja mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga.

Alinase anaseka mogwira m'mimba,
anamasula mwana, namukhazika pansi wopanda thewera.
Msatero analawa mchenga, anaganiza kaye,
analawanso.

Koma maso a ntchito sapita kutchuthi.
Ndili chigonere chagada ndinali nditayeza kale:
malole atatu ndi theka, wosasefa, wopanda dothi,
lendi ya miyezi iwiri.
Foni inalira m'nsapato. A Nkhuwa.
"Mawa tikatenga kuti wa mumtsinje? Kasitomala akudikira."
Ndinayang'ana nyumba imene Zelipa ankamanga,
ya zipinda zisanu, mpanda wa timitengo,
geti la chikopa cha mbatata.
Ndinati, "Bwana, mbali ino unatha kalekale."

Pobwerera anagona paphewa panga,
akulemera kuposa popita.
Kunyumba m'pamene ndinadziwa chifukwa:
botolo la munkoyo lodzaza mpaka pakhosi,
matumba onse a diresi,
ngakhale m'masokosi.

Lili pawindo tsopano, pansi pa kalendala.
Okutobala anatha, koma tsamba wakaniza kung'amba.
Anzake akabwera amawalozera chithunzi, kenaka botolo,
"Tinapitako. Mafunde ake amapanga ndi atate."

M'zaka zonsezi
ndi mchenga wokhawo umene ndinasenza
popanda wondiwerengera ndalama.