Kalata kwa Bambo Mfumu Atsopano

Bambo, mukatsika pa Lirangwe
musafunse dzina la parishi,
akabaza salidziwa.
Ingonenani kuti kumlambe wong'ambika,
akakutulani pomwepo.

Kuchokera apo ndi wapansi.
Mudzadutsa chigayo cha a Likaka
chomwe chimatsokomola kawiri chisanalire,
kenako mjigo wolira ngati mbuzi yomangidwa.
Mlatho musaufunefune.
Unapita ndi madzi a chaka chija,
kwatsala zipilala ziwiri
zomwe amayi amayanikapo zitenje.
Vulani nsapato. Tonse timavula.

Kutsidyako mudzayamba kuona manda,
tchalitchi pambuyo.
Mtanda wopendekekawo ndi wa Esinati Mpinganjira,
anasenza njerwa za khoma lakummawa
ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.
Musauwongole. Ana ake amati
mwini wakenso ankayenda chopendekeka.

Belu lathu ndi limu ya lole
yopachika pamtengo wa bwemba.
Ndimaliimba ndine, ndi khasu lothyoka.
Mphepo ikaloza ku Shire
amalimva mpaka asodzi m'mabwato,
ikatembenuka
ngakhale mkazi wanga amachedwa.

Denga limadontha pabenchi yachitatu.
Pamenepo pamakhala a Namagowa ndi beseni lawo,
musawasunthe.

M'kaundula tilimo mazana awiri.
Lamulungu lamvula mudzatipeza makumi atatu.
Ena ali ku Limbe kusaka ganyu,
ena ku Joni,
ena mudzakhala mutawadutsa kale polowa paja.

Bwerani ndithu.
Kiyi ali pansi pa mwala wachiwiri,
koma chitsekocho n'chongokankha.