Mtambo Wachisanu ndi Chinayi

M'mawa ndimagulitsa kachewere pa Lizulu.
Ikakwana thuu koloko ndimasiyira Nangozo ndowa zanga,
ndimasamba dothi la kudimba m'zikhadabo
n'kukakhala pa desiki
yomwe mwana wanga wangochokapo, ikadali yofunda.
Folomu filii. Imvi ziwiri pansi pa duku.

Lachiwiri a Chidothi analemba pa bolodi
mmene Angerezi amakondwerera.
Akuti kwawoko munthu akasangalala
amakwera pamwamba pa mwezi.
Ndinakweza mkono: nanga potsika amatani?
Anyamata akumbuyo anaseka chikhakhali.
Akutinso amayenda pamphepo, mapazi osagunda pansi,
ena amakakhala pa mtambo wachisanu ndi chinayi.

Apo sindinafunse. Mitambo ndimaidziwa ine.
Mwezi wa Juni imatsika yokha m'phiri,
imalowa pamsika osalipira chiphaso,
imanyowetsa matumba a kabichi,
madalaivala n'kumayatsa nyali masanasana.
Ndakulira mumtambo,
ndipo zomwe ndapezamo ndi chimfine
ndi ming'alu ya kuzidendene.
Kaya wathuwu ndi woyamba.
Kaya wachisanu ndi chinayiwo ngofunda.

Kenaka anafufuta theka la bolodi, akuti tsopano za chisoni.
Wachisoni amasanduka wabuluu,
ngati yunifolomu ya kupulayimale.
Nkhope imatalika.
Amatsikira kudzala n'kukhala komweko.
Tinkalemba tikuseka,
mpaka choko chinafika pa mzere womaliza:
pakhosi pamakhala chigulumwa.

Cholembera changa chinaima.
Anawauza ndani Angereziwo?
Chigulumwa chimenecho ndinachimeza ine pa boda ya Dedza
tsiku lomwe Gelesomu anabwera kuchokera ku Joni
m'ngolo yokokedwa, pakati pa katundu wa eni ake.
Anayamba atsitsa firiji,
njinga ziwiri, matiresi okulunga m'pulasitiki,
kenaka bokosi,
dzina lake atalilemba ndi makara, chilembo chimodzi chitasowa.
Sindinasanduke wabuluu.
Ndinakhala pa mwala, ndinakhumata,
ndinangoti ndwii.

Ndiye ndinafunsa: aphunzitsi, ndwii m'Chingerezi n'chiyani?
Anakanda mutu, choko chinatsala m'tsitsi.
Anatchula mawu atatu, onse sanakwane,
ngati nsapato za pakaunjika
zoti ina ikuthina, ina ikuvuka.
Belu linawapulumutsa.

Ntchito ya kunyumba: chiganizo chimodzi pa mawu alionse.
Mwatitha anandigwirira tochi ya foni.
Akuti, amayi, lembani za tsiku lomwe ndinakhoza mayeso,
munene kuti munali pamwamba pa mwezi.

Koma kumwezi sindinapiteko, mwanawe.
Ndinali pamsewu pompo, chitenje chikumasuka,
nthungululu inatuluka yokha osandipempha,
ndinaponda ndowa,
kachewere anagubuduzika kuwoloka tala
mpaka tsidya la ku Mozambiki wopanda pasipoti.
Amayi a tomato akumeneko anatola akuvina nane,
wina anabisa atatu m'chilundu, ndinamuona,
ndinangomusiya.
Usiku umenewo mtima unangoti myaa,
ngati dimba lomwe lamwa madzi madzulo.

Mwatitha akuti zimenezo n'zazitali,
wochonga mayeso ali ndi mapepala ambiri.
Chabwino. Ndinalemba za mwezi.
A Chidothi anachonga ndi inki yofiira, malikisi onse,
ndipo ndinakondwa, osanama,
ndinawerenga kawiri pobwerera kumsika.

Mawu a eni ake ndiwasunga bwino
monga ndimasungira mbale zagalasi za alendo.
Tsiku la mayeso ndidzawatulutsa, ndidzawapukuta,
ndidzakwera mwezi, ndidzatsikira kudzala,
ndidzatalikitsa nkhope mpaka m'mawondo akafuna.

Lero mtambo watsikanso.
Basi ya ku Blantyre yaima, mawindo atseguka,
Nangozo wathamanga kale ndi ndowa pamutu.
Kope ndaliika pansi pa thumba kuti lisanyowe.
Chigulumwa chija chilipo,
chachepa, koma chilipo,
ndipo ndikuitanira malonda mawu akudutsa pambali pake.