Kadontho ka Mulepa

Ku Chitakale tikumanga nyumba yosanja katatu.
M'mawa pageti, usanagwire fosholo,
amakupachika kachipangizo palamba,
kakang'ono ngati bokosi la machesi.
Kalibe diso, kalibe khutu,
koma kamawerenga mapazi
n'kumayeza kulemera kwa mpweya:
ukangokwera makwerero mpweya umapepuka,
iko kadziwa kale.

Muofesi ya malata kapitawo Makwinja
amaweta timadontho pakompyuta.
Ine ndine nambala 14, kobiriwira.
Ndikaima kuti msana uwongoke
kadontho kamafiira, dzina langa limveka kuchokera pansi.
Ngakhale kuchimbudzi timapita awiri.

Tinayesako nzeru zathu.
Namaona anamangirira kake kuwilibala ya mnzake,
tsiku limenelo anaposa tonse pantchito
ali gone kuseri kwa matumba a simenti.

Ndiye Lachitatu kunagwa chiperoni.
Phiri linasowa, minda ya tiyi inasowa,
mpweya unalemera, makina anazungulira mutu.
Makwinja anatuluka chothamanga, chipewa kumanja:
pagalasi lake tonse makumi atatu
tinali pansi pa maziko,
chonsecho tili pansanja, tikutafuna chinangwa.
Tinaseka mpaka kutsamwa.
"Mwatikwirira amoyo, bwana!"

Mulepa yekha sanaseke.
Anamasula kake n'kukayang'anitsitsa,
mvula yowaza ikutsikira m'khosi.
Kwawo ndi kuseri kwa phiri
komwe napolo anadutsa usiku
n'kutenga nyumba, nthochi, mkazi wake Esinala
ndi mwana kumsana.
Anakumba masiku khumi ndi limodzi ndi khasu lobwereka,
apa, kenako apo, kenako pomwe galu wanunkhiza.
Mpaka lero akafuna kulira
sadziwa mwala woti ayang'ane.

"Kameneka," anatero, "kamanenadi pomwe munthu ali?
Ngakhale pansi?"
Palibe anamuyankha.
Makwinja anavala chipewa n'kubwerera muofesi.

Madzulo timabweza tizipangizo m'bokosi la pageti
kuti titchajidwe usiku.
Ine ndimaponyamo kanga ngati nkhupakupa yomwe ndazula,
ndipo sindinasinthe maganizo:
kamandidyera mphindi, mphindizo n'kudya malipiro,
pakutha pa mwezi sopo asowe.

Koma ndimamuona Mulepa
akupukuta kake ndi nsonga ya malaya,
kukaika pang'onopang'ono pakona,
kanyali kake kakuphethira,
iye n'kutuluka geti wapansi,
kuwoloka msewu, kudutsa amayi ogulitsa nanazi,
n'kulowa mu nkhungu
momwe kufikira mawa
palibe adzadziwe pomwe ali.