Mapepala a Chule

Anafika Lachiwiri, awiri, malaya a khaki,
wina atapanira fayilo m'khwapa.
Ine ndinali pa payipi, kuthirira kapinga wa eni
ku Mount Pleasant, kumene ngakhale galu ali ndi dokotala wake.
Mtima unagunda, phi! phi!
Koma sanadzere ine.
Anadzera chule.

Kachule kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu,
kabuluu ngati inki yodonthera m'thumba la shati,
kokhala m'bokosi la galasi pawindo la Ruvarashe.
Mwanayo anakatcha Nyenyedzi.
Tintchentche take ndimaweta ndine, pa nthochi zowola.

Analowera chipata chiti?
Kwawo n'kuti? Chilolezo chili kuti?
Bwana anatulutsa lisiti.
Lisiti si chiphaso, anatero wa fayilo uja.
Akathawira mu Mukuvisi ameneyu,
achule athu mudzawauza chiyani?

Ndinatseka mpopi.
Mafunso amenewa ndimawadziwa ngati chipsera cha pa bondo.
Bambo anga a Bikiloni anachoka ku Dedza wapansi,
nadzafera kuno, m'chipinda chimodzi ku Dzivarasekwa.
Ine mchombo wanga unagwera mu Harare momwe muno,
koma ndakalambira pa mizere ya m'maofesi,
chipewa m'manja,
kufotokoza kuti sindine mlendo.
Chule anadabwa m'madzi muli mwake.

Sindikuti anyamatawo analakwa.
Ndinaona namasupuni akutsamwitsa nyanja ya Chivero,
naye anabwera ngati duwa la pakhomo.
Lamulo lili ndi maso, ndikudziwa.
Kungoti makutu lilibe.

Ananyamula bokosilo awiriwiri,
madzi akukhavukira pa nsapato.
Ruvarashe sanalire. Anangofunsa
ngati kumeneko kuli womudziwa zakudya zake.
Palibe anayankha.
Ndinathamangira kuseri, ndinatenga botolo la tintchentche,
ndinapatsira pawindo la galimoto.
Wa khaki anandiyang'ana kanthawi,
analandira, nalikhazika pamiyendo.

Madzulo, mu kombi yopita kwathu,
mvula yoyamba inali itagwa.
M'ngalande za m'mbali mwa msewu wa Bulawayo
achule a kuno anali pa msonkhano,
pakamwa mwaa, aliyense ndi nkhani yake,
wopanda ndi pepala limodzi lomwe.
Ndinapapasa m'thumba.
Langa linalimo, lonyowa pang'ono m'makona.