Lesitilanti ya M'katoni

Katoni idabwera pa basi ya ku Joni.
Idagona usiku umodzi pa chipata cha Dedza,
a msonkho akuigwedeza pakhutu ngati chisekese.
Loweruka masana, nkhungu itatsika m'phiri,
tidakumana kuseri kwa shopu ya telala, ife anayi,
wamng'ono pa tonse ali kale ndi imvi m'ndevu.

"Musatsegule," adatero a Kadzakumanja,
chikhatho chili pa selotepi.
"Izi amapanga zowerengeka.
Zaka zisanu zikatha, mtengo wake ugula ng'ombe."
Mayi Nasibeko, ongoweruka kumene kuchipatala,
adasolola lezala m'chikwama:
"Ng'ombeyo mudzaitafuna ndi mano oikirira."
Tseee!

Timanjerwa ta pulasitiki, zikwi ziwiri ndi kanthu,
m'timatumba ta manambala,
mbwee pa tebulo lodulirapo nsalu.

Lufeyo, mmisiri amene adamanga theka la magolosale a ku Bembeke,
adakweza kamodzi kuwindo, kukayang'ana uku ndi uku.
"Nyumba yanji yopanda simenti?
Denga ili mvula ya Januwale ingaliseke."
Koma ndi iyeyo adaiwala tiyi mpaka kuzizira,
zala zong'aluka ndi laimu
zikulondola kabuku kopanda mawu,
lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani.

Pofika nsanjika yachiwiri, mkangano udabuka.
Wophika alipo, chipewa choyera, ndevu zopotana,
nsomba ya pulasitiki ili pa mbale ya pulasitiki,
"koma chiwaya chili kuti?" adafunsa Mayi Nasibeko.
"Kuno kwathu kwa kachewere,
lesitilanti yopanda tchipisi pakhomo ndi ofesi."
Adatola timanjerwa takuda tinayi, tachikasu pamwamba,
n'kuimika chiwaya chawo pambali pa chitseko.
"Mwaiwononga! Kabuku sikakutero!"
"Kabuku kadafikako ku Dedza?"

Ana adasuzumira pawindo:
agogo akusewera, agogo akusewera!
Telala adakoka katani
osachotsa maso pa kampando kamene amalumikiza miyendo,
iye amene adati adzangotibwereka malo.

Ine sindidayankhule zambiri.
Adandipatsa ntchito ya matebulo,
poti ndidakhalapo ndi yangayanga pa depoti,
ya matebulo asanu ndi wailesi ya batire.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuwotha utsi,
kope la ngongole likunenepa, ine ndikuonda,
mpaka m'mawa wina
ndidapeza loko wa eni nyumba akundidikira pachitseko.

Muno mulibe kope.
Kamunthu ka jekete yofiira kakhala pakona,
sikadzanena kuti ndilipira mwezi ukatha.
Woperekera zakudya akumwetulira,
ndipo mawa adzamwetulirabe
ngakhale makala akwere mtengo.
Ndidasuntha tebulo limodzi kulichotsa pafupi ndi khomo.
Pamenepo pamawomba mphepo, ndikudziwa ine.

Magetsi adazima titatsala pang'ono kumaliza.
Lufeyo adawerenga ndi tochi ya foni:
makapu asanu ndi awiri, kabuku kakuti asanu ndi atatu.
Anthu akuluakulu anayi, ndi telala wachisanu,
tidagwada pasimenti yozizira,
kupapasa m'zidutswa za nsalu, m'nsapato, pansi pa makina,
mawondo akulira ngati zitseko zakale.
A Kadzakumanja adatsala pang'ono kugwetsa misozi:
"Yopanda kapu imodzi, agule ndani?"
"Mumati mugulitsa?" adatero Mayi Nasibeko mumdima.
Sadayankhe.

Usiku, ndikuvula jekete kunyumba,
kanthu kadagwa, kadagubuduka, kadaima pa mwendo wa bedi.
Kakapu koyera, kochepa kuposa njere ya chimanga.
Kaya kadalowa bwanji m'thumba.

Pa shelefu pali makapu atatu a malata,
okhawo amene ndidapulumutsa tsiku la loko lija.
Ndidakaika pakati pawo.

Loweruka likubwerali tikumananso.
Mwina ndikabweza.