Botolo la Pamwamba pa Kabati

Zaka makumi atatu ndasenza katundu wa eni
pa mtengo wansungwi, kukwera masitepe a Chongqing
kuchokera kudoko mpaka kumsika wa kumtunda.
Chaka chino phewa lakana.

Dokotala Mou sanayambe n'phewalo.
Anati nditulutse lilime,
naliwerenga ngati kalata ya ngongole.
Kenako zala zitatu pamkono panga, phee,
kumvetsera mtsinje wa m'kati.
"Chinyezi ndi kutentha, a Ran. Munadya chiyani dzulo?"
Mumzinda muno n'kufunsanso zimenezo?
Tsabola, mafuta ofiira psuu, matumbo a bakha,
mowa wochita thukuta m'botolo.

Analemba pakapepala:
tsabola ayi, mowa ayi,
nkhanu ndi zaziwisi ayi,
madzi a m'firiji muwaone ngati apongozi.
Musabwere ndi njala, mungachite chizungulire.
Musabwerenso mutakhuta ngati thumba la mpunga.

Lachiwiri ndi Lachisanu ndimagona chafufumimba,
singano zisanu ndi zinayi zili njo pamsana,
pomwe fungo la mphika wa pansi pa chipatala
likwera pazenera kudzandinyodola.

Kunyumba Biyu, mwana wanga, watenga ulamuliro.
M'mawa phala la mapira,
madzulo dzungu lofutsa ndi nsomba yopanda mkwiyo.
Botolo la tsabola lomwe anasiya malemu mayi ake
waliika pamwamba pa kabati,
podziwa kuti mkono wa bambo wake
umathera pakhutu.

Sabata yachitatu ndinaba.
Patebulo la mnzanga Tuo ndinaviika kamtengo kodyera
kamodzi kokha. Chabwino, kanayi.
Lachisanu dokotala anangoti, "Lilime,"
napukusa mutu.
Kanyama kamene ndakhala nako chibadwire
kandigulitsa osalankhula n'komwe.

Ndiye ndinamvera. Madzi ofunda, phala, tulo.
Ndinayamba kumva kuti mpunga uli n'kukoma kwake,
kamawu kapansipansi
kamene tsabola ankakakuwira zaka zonsezi.

Usiku wina, sabata yachisanu ndi chimodzi,
Biyu ali mtulo, ndinanyang'ama kupita kukabati,
mtima uli pa kuba basi.
Botolo lili m'manja, ndinaima chilili:
mkono uli m'mwamba, wowongoka ngati nsungwi,
ululu osaoneka kumene walowera.

Ndinatsegula, ndinanunkhiza kawiri,
n'kulibwezera pomwepo.
Kenako ndinalitsitsanso, n'kulikwezanso,
kungofuna kuona mkonowo ukupita.